Bulangete la Kambuku

Bulangete lija linali ndi chithunzi cha kambuku. Linkakhala m'chikwama chake cha pulasitiki chotseka ndi zipi, pamwamba pa sutikesi ya amayi, ndipo kambukuyo ankandiyang'ana ndi diso limodzi chifukwa linalo linapindikira mkati. Ababa analitumiza kuchokera ku Joni ndili ndi zaka zisanu, kudzera mwa munthu wina wa ku Mlangeni amene anabwera kudzaika maliro. Ndinafika zaka zisanu ndi zinayi zipi uja asanatsegulidwebe.

Inu amene simunagoneko kumapiri a kwathu ku Ntcheu mwezi wa Juni, musandiuze za chisanu. Nkhungu inkatsika m'mawa n'kumeza nkhokwe, khola, ngakhale mtengo wa mapichesi wa pakhomo. Mapazi ankachita ming'alu. Ine ndi amayi tinkafunda kabulangete kakale koti ukakayanika umaona dzuwa kuseri kwake, latsopano lili phee pasutikesi. Ndikadandaula, yankho linali lomwelo: "Tidzafunda akadzabwera eni ake."

Chaka chimenecho amuna anali atatha m'mudzi. Ankachoka mmodzimmodzi mbandakucha, mawa lake umangomva kuti uje naye watsika. Nyumba za malata zinkamera, inde, koma zambiri zinali zokhoma ndi loko, mogona mileme. Minda ina ya kachewere inabwerera kutchire. Pa ukwati wina ndinaona azimayi atanyamula zishango akuvina ngoma, poti amuna otsala anali madala awiri opanda mano. Ine ndinkangoti ndi mmene dziko limakhalira.

Loweruka tinkasenza kachewere kupita kumsewu waukulu. Basi ya ku Joni ikatulukira mu nkhungu, ikukoka ngolo yodzaza matilesi ndi njinga, amayi ankamusiya wogula ali chiimire. Ankayang'ana windo lililonse mpaka basi itazimirira. Kenako ankakonza duku lawo n'kufunsa, "Mwati ndowa zingati, bambo?" Ine apo ndili kutali, ndikulota mzinda wopanda mame, kumene aliyense amagona pansi pa kambuku wakewake.

Mawu ena achilendo ndinawamva kwa amalume, alongo awo a amayi, tsiku lomwe anabwera kudzatithandiza kukumba. Anaima, anatsamira khasu, nati, "Achemwali, alamu anatchona basi. Mudzakalamba mukuyang'ana mabasi." Amayi anangopitiriza kukumba. Khasu lawo linadula kachewere wamkulu pakati, zimene sankachita ndi kale lomwe.

Koma ine ndinakondwa! Ndinaganiza kuti Tchona ndi dera, kutsogolo kwa Joni, ndipo tsopano tadziwa kumene ababa ali. Lolemba ndinaimika dzanja m'kalasi, ndinapempha aphunzitsi kuti andilozere Tchona pa mapu a pakhoma. Ana akuluakulu a kumbuyo anaseka mpaka kugwirana. Aphunzitsi anawatontholetsa ndi diso lokha, anayang'ana mapu aja nthawi yaitali, kenako anati, "Mapu athuwa ndi akale, mwanawe. Kakhale pansi." Ndinawakwiyira sabata yonse, ati mphunzitsi wanji wosadziwa mayiko. Lero ndikanawapeza ndikanawagwadira chifukwa cha bodza limene lija. Kutchona n'kupita kunja osabweranso, osalemba ndi kalata yomwe, uli moyo.

Kumapeto kwa Julaye amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ananyamuka ndi amalume kupita kwawo kwa ababa, cha ku Nzama. Sanandiuze chimene ankatsata. Anabwera masana, maso ali psuu, ine n'kumati ndi mphepo ya m'njira. Sanamwe ndi madzi omwe. Analowa m'nyumba, ndipo ndili pakhonde ndinamva zipi akulira.

Analiyanika pachingwe. Mayo ine, kambuku yense, maso awiri, mchira mpaka pansi! Linkanunkhira sitolo, fungo la kutali lomwe sindinalimvenso kwina kulikonse. Ndinathamanga kuzungulira bwalo ndikukuwa kuti anansi onse amve: "Ababa akubwera! Akuchokera ku Tchona!" Amalume anayang'ana pansi n'kumatokosa dothi ndi chala cha kuphazi. Amayi analichotsa pachingwe, anandikulunga nalo pomwepo dzuwa likuwala, anandigwira mwamphamvu mpaka ndinavutika kupuma. "Funda, mwanangu," anatero. "Wazizidwa kokwanira."

Ndinafunda, ndipo kunali kutentha kokoma. Masiku otsatira ndinkasesa bwalo kawiri, ndinasunga pichesi louma la ababa, ndinkathamangira kunjira ndikamva galimoto. Sindinkadziwa kuti ku Nzama kuja amayi anapita kukasudzulidwa, kuti abale a ababa awamasule pa ukwati. Ine ndinkati atsegula zipi chifukwa eni ake ali m'njira.