Zilembo Zogwedezeka pa Monita ya Achemwali

Kuseri kwa depoti ya mabasi, pakati pa wometa tsitsi ndi wodula makiyi, pali kashopu kokonza makompyuta. Mwini wake anthu amamutchula Awonjeza, ndipo dzinalo sanamunamizire. Munthuyu sadziwa kusiya chinthu mmene chilili. Ali mnyamata anawonjezera mawu wailesi ya bambo ake mpaka sipika inang'ambika. Atakwatira anakweza liwiro la fani ya kuchipinda, fani ija n'kuyamba kuyenda yokha patebulo. Mpaka lero mkazi wake akamuona watenga sikuludiraiva amathamanga kukabisa ayironi. Koma luso ali nalo, zimenezo palibe angakane, ndipo mtima wake ndi wofewa moti makasitomala ake ambiri ndi achibale.

Chaka chatha matenda akewo anatera pa mamonita. Paja monita imajambula chithunzi n'kuchijambulanso mofulumira moti diso silizindikira. Zotchipa zimachita zimenezi ka 60 pa sekondi, zodula zimapitirira apo, ndipo pa zodulazo kamuvi ka mausi kamayenda motereratu, kosadumpha. Awonjeza anatulukira kuti zotchipa zina ukazikakamiza zimavomera 70, mwinanso 75. Umalemba nambala yatsopano m'kompyuta, sikirini imathima kamphindi, ikayakanso ndiye kuti yalola. Iye ankakweza pang'onopang'ono atagwira mpweya, ngati munthu wopakira matumba panjinga maso ali pa tayala. Achinyamata okonda masewera a pakompyuta ankamusimba. Iwo ankadziwa kuti monita yokakamizidwa ikatentha nthawi zina imayamba kunjenjemera, ndiye zikatero ankangobwera nayo kuti awatsitsire.

Achemwali ake sankadziwa zimenezo. Iwowa ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, ndipo moyo wawo wonse akhala akutayipa, poyamba ku ofesi ya maloya, kenaka atapuma ntchito, patebulo la pawindo la pabalaza pawo. Ankatayipa mayeso a sukulu ziwiri zapafupi, ndi zolemba za ana a kukoleji omwe zilembo zawo zimakhala ngati papalasa nkhuku. Ntchitoyi ndi imene inkawadzutsa m'mawa chimwalirireni amuna awo. Tsiku lina anamuitana kuti adzaone pulinta yomwe inkatafuna mapepala. Pulintayo anaikonza msanga. Iwo ali kukhitchini kutereka madzi a tiyi, iye anagwira mausi, anaona kamuvi kakudumphadumpha, zala n'kuyamba kumuyabwa. Anayesa 70, monita inalola. Anayesa 75, inalolanso. Sananene kanthu, ati kufuna kuti adzadabwe okha, koma zoona zake n'zakuti ankadziwa kuti akanena amukalipira.

Patapita masabata angapo, achemwali aja anaimba foni iye ali mkati momasula laputopu ya munthu.

"Iwe, maso anga ayamba."

"Ayamba bwanji, achemwali?"

"M'mawa ndimaona bwinobwino. Koma ndikatayipa kufika masana zilembo zimayamba kugwedezeka, kenaka kamdima kamadutsa n'kuchoka. Mutu ndiye usachite kunena. Dzulo m'mawa ndinaitana aneba kuti aone, iwo akuti palibe chikugwedezeka." Kenaka anatsitsa mawu. "Bambo anayamba chonchi. Ukukumbuka?"

Ankakumbuka. Bambo awo anamwalira asakuona, ndipo wowagwira dzanja zaka zonse zomalizazo anali achemwaliwo. Koma Awonjeza anadziwanso chinthu china nthawi yomweyo, foni idakali kukhutu. Mawu anali pakamwa penipeni: si maso, ndi monita, ndine ndinaigwira. Kungoti m'maganizo mwake anamva kale achemwali akuti "Kodi iwe udzakula liti?" Anaona kale nkhaniyo ikukambidwa banja likakumana, pambali pa ya wailesi ija, adzukulu akugubuduka ndi kuseka. Iye, bambo wa imvi, wa ana atatu, anaopa kukalipiridwa.

"Mwina n'kutopa chabe," anatero. "Muzipumulako. Ndibwera ndidzakuoneni."

Nzeru yake inali yoti akafika akabwezere 60 mwakachetechete, matenda athe okha, munthu asadziwe. Ulendo woyamba anapeza pabalaza padzaza amayi akutchalitchi obwera kudzawapempherera, kompyuta itafundidwa nsalu. Ulendo wachiwiri achemwali sanachoke pambali pake, ndipo atangoloza dzanja ku batani anamufunsa chomwe ankafuna kumeneko, iye n'kunamizira kupukuta fumbi. Kenaka kushopu kunachuluka ntchito, kapena iye ndiye anaichulukitsa. Ukamulakwira munthu, mapazi amalemera kupita kwa iyeyo. Foni yawo ikalira ankaisiya ilire mpaka itope, kenaka n'kukhala tsiku lonse chakudya chisakulowa.

Zotsatira anazimva kwa mkazi wake, akupachika zovala kuseri kwa nyumba. Achemwali anu anapita kuchipatala cha maso, anatero mkaziyo, adokotala sanapeze chachikulu, anangowasinthira magalasi, koma sizinathandize. Ndiye apita okha kwa ahedi a sukulu zonse ziwiri kukatsanzika, mayeso aja awapereka kwa mayi wina wa shopu ya kumsika. Akuti safuna kudzalakwitsa mayeso a ana a eni chifukwa chokakamira ntchito.

Awonjeza sanatsegule shopu tsiku limenelo. Anapeza achemwali atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, zala zikungogundagunda pachitenje. Anagwada pambali pa mpando wawo, chinthu chomwe anali atasiya kalekale, n'kunena zonse: za pulinta, za tiyi, za 75, za foni ija, za maulendo awiri aja. Polankhula ankayang'ana pansi, kudikira kuti mawu amugwere. Ankawafuna mawuwo, akanamupepuza.

Achemwali anangoseka pang'ono, kuseka kotopa.

"Iwe, wafika pofuna kusenza mlandu wa maso anga? Chiyambire uli mwana sufuna kuona munthu akudandaula."

"Sindikukunyengererani, achemwali. Ndine ndinalakwa. Bwerani muone."

Anawatengera pabalaza, anachotsa nsalu, anayatsa, anawaonetsa nambala ija n'kuibweza pa 60 iwo akuona. Iwo anagwedeza mutu ngati mmene amachitira mwana akamawaonetsa chojambula chake. Anawapempha kuti aisiye itenthe, atayipe monga kale, aone okha. Anavomera pomumvera chisoni. Anatenga nyuzipepala yakale, anaiyimika pambali, zala n'kuyamba kuthamanga pa kiyibodi osayang'ana n'komwe. Iye anakokera mpando kumbuyo kwawo, maso ali pa sikirini mpaka misozi kulengeza. Dzuwa linachoka pawindo, monita inatentha, zilembo zinali zii, zosasuntha ngakhale pang'ono.

Kenaka zala zija zinaima.

"Zayamba," anatero achemwali.

Iye anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Palibe chinkagwedezeka. Anayang'ana nambala, inali pa 60. Anayang'ana nkhope yawo, anaona kuti sakunama: maso anali otsinzina mbali, chala chili pachipumi. Kaya masabata onse aja osuzumira zilembo zonjenjemera anasiya mantha m'maso mwawo, kaya matenda a bambo analidi m'njira, iye sanadziwe, ndipo palibe nambala yomwe akanalemba kuti adziwe.

"Tiyesenso mawa," anatero iye. "Ndibweretsa monita ina ya kushopu. Ndipita kwa ahedi ndikawafotokozere ndekha."

"Usavutike. Ntchito ndinapereka kale, mnzanga uja nayenso ali ndi ana." Anavula magalasi n'kuwapinda. "Tenga kompyutayi, ana ako aziphunzirira. Ikangokhala apa ndiziyiyang'ana mtima uziwawa. Wayesetsa, mlongo wanga. Enawa amangoimba foni, iwe wachita kutseka shopu."

Anafuna kukana, koma iwo anali atayamba kale kuzula mawaya n'kuwakulunga bwinobwino, lililonse palokha. Anamupakirira kiyibodi ndi mausi m'jumbo, anamuuza kuti zotsalazo adzatenge Loweruka. Anamuperekeza mpaka pageti, akumulangiza kuti asamale podutsa pamsewu. Iye anayenda atakumbatira monita ija pachifuwa, idakali yofunda.