Filimu ya ku Korea imene sindinaimalize

Amuna anga atapita ku Joni kukafuna ntchito, ine ndinkagulitsa mandasi pakhomo pa nyumba yoonetsera vidiyo pa Dwangwa. Matipate anali atakhazikika, aliyense akuonetsa zomwe wafuna. Tsiku lina masana mwini vidiyo anaika tepi yatsopano poganiza kuti ndi ya karate. Koma inali ya ku Korea, yachikondi. Abambo odula nzimbe anatuluka akung'ung'udza. Ine ndinasuzumira pakhomo, mapeto ake ndinakhala pabenchi, beseni lili pamiyendo.

Chinenerocho sindinkachimva. Aphunzitsi ena amene anatsalira ndiwo ankandimasulira mawu olembedwa m'munsi. "Mayi, awiriwa akukondana, koma mwamunayo ali m'chaka chake, mkaziyo m'chaka china. Mawu a mnzake akamamufika, amakhala kuti ndi akalekale."

Pomwepo ndinakumbukira makalata athu. Kalata yomaliza ya amuna anga inatha miyezi inayi panjira, ndipo inkanena kuti akutsokomola. Ine ndinali nditawayankha ndi kalata yachisangalalo yonena za mpunga umene tinakolola ku Chia, osadziwa ngati woiwerengayo akadali moyo.

"Kodi akumana?" ndinafunsa.

"Dikirani, mayi, nanenso sindikudziwa."

Magetsi anathima filimu isanathe. Sabata yathunthu ndinkachonderera mwini vidiyo kuti aiikenso, iye n'kumati anthu ake safuna zolira. Kenako anakaibweza kumene anaibwereka.

Amuna anga anabwera chaka chotsatira, ataonda kwambiri koma akuyenda okha. Ndinawalandira chikwama, moni weniweniwo n'kuiwala.