Ulendo wa ku Kasinje ndi ndalama za ku Joni

Ndinanyamuka kwathu kwa Nzama m'ma sikisi koloko m'mawa, ndalama nditazibisa m'sokosi. Zinali zonse zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Joni, kampani yathu yosoka matumba itachotsa antchito. Cholinga changa chinali chogula pampu ya injini ndi kubwereka munda waukulu wa mpunga ku Kasinje. Mayi akunyumba anandiperekeza mpaka kumsewu.

"Musakalipire kalikonse musanaonane ndi amalume anu," anatero, kachitatu m'mawa umenewo.

Wanjinga yamoto anandilipiritsa K4,000 kukafika pa boma. Anali bambo wachikulire, atavala majekete awiri. Ndinawafunsa ngati ntchito ikuyenda.

"Imayenda ndi mafuta, achimwene, ndiye za mafutazo mukuzidziwa kale," anaseka. "Ine ndinagula njinga ziwiri tsiku limodzi, ndisakudziwa n'kusintha pulagi komwe. Inayo ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikirapo mazira."

Pa boma ndinadya tchipisi cha pachiwaya, kenako ndinakwera kalole ka K5,000, kukhala pamwamba pa matumba a feteleza. Titadutsa pa Kandeu msewu unatsetsereka, mphepo ya kumapiri inatha, aliyense n'kuyamba kuvula juzi.

Ndinafika ku Kasinje cha m'ma wani koloko. Amalume, mlongo wawo wa mayi anga, amene anagwirapo ntchito m'migodi ali mnyamata, ndinawapeza m'munda matope ali m'maondo. Ndinawafotokozera zonse ndili chiimire pamzere wouma. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mbande za mpunga timaokera zili ndi masabata angati?" anafunsa.

"Sindikudziwa," ndinavomera.

"Nanga madzi timatseka liti kuti mpunga ukhwime bwino?"

Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

"Vula zimenezo, lowa muno."

Ndinaokera nawo mpaka msana unakana. Mizere yanga inali yokhotakhota, mbande zina zikuyandama. Tikupuma pansi pa mtengo wa mango ndinadandaula kuti kwacha ikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama ndikangoisunga idzatha mphamvu ili m'thumba.

"Pamenepo sunaname, mphwanga," anayankha. "Ndiye igulire chimene ukuchidziwa. Chimanga unabadwa nacho, kagule feteleza lero asanakwerenso. Mbuzi umaziweta, onjeza ziwiri. Kuno ndikupatsa kandime aka, ulime chaka chimodzi ukuonera kwa ine. Pampu tizibwereka kwa aneba, umangothira mafuta. Kakakanika kandimeka, ulira pang'ono, ana akudya. Anzanga amene tinabwera nawo kuchokera kumigodi anagula zigayo mwezi womwewo. Ndi mmodzi yekha chake chikuguguda mpaka lero, amene anayamba wagwira ntchito pachigayo cha wina."

Zinandiwawa, chifukwa kwathu ndinali nditauza kale anthu kuti ndikubwera ndi pampu. Koma nditayang'ana mizere yawo ndi yanga, ndinaona kuti akunena zoona.

Mawa lake ndinakwera kalole komweko, matuza ali m'manja. Pa boma ndinagula matumba awiri a feteleza ndi kope lolembamo zimene amalume azindiuza. Ndinaona kuti chimene chinkandithamangitsa si kugwa kwa kwacha kokha, komanso manyazi obwera ku Joni wopanda choonetsa.

Kunyumba mayi a ana anayang'ana matumbawo, anayang'ana manja anga.

"Nanga pampu ija?"

"Chaka chamawa, ndikakhoza mayeso."

Anaseka, n'kukanditenthetsera madzi osamba.