Nsapato za Mng'ono Wake

Rulia anafika ku Goindwal atavala sanza, nthenda itamudya mawu. Kale akayamba kuimba m'kachisi, amayi ankasiya mitsuko pachitsime. Mawu atatha, anachoka kwawo osatsanzika, n'kumapemphetsa miyezi isanu ndi itatu.

Koma chomwe chinamubaya si njala. M'bwalo la mapemphero, woimba nyimbo za Guru, mtsogoleri wa chipembedzo kumeneko, anali Kirpa, mng'ono wake weniweni.

"Ameneyu? Ankalira ngati mbuzi yomangidwa!" Rulia ananong'ona.

Mayi Nihali, ophika chapati m'khitchini ya anthu onse, anamumva. "Mbuziyo ikuimba. Inu akatswiri, khalani pamzere mudye. Mukatha, kasungeni nsapato za anthu pakhomo."

Kwawo kwa Rulia kunali kwa ansembe, chikopa sankachikhudza, ankati n'chodetsedwa. Nsapatozo ankazikankha ndi ndodo.

M'mawa uliwonse Kirpa ankavula zake n'kuwerama. "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Rulia ankayang'ana kumbali. Nyimbo ikakoma m'katimo, iye ankakankha nsapato mwaukali.

Tsiku lina anaganiza zoponya nsapato za Kirpa mumtsinje wa Beas, kuti woimbayo akapse mapazi pamchenga. Ndodo inalephera kuzinyamula, ndiye anazitola ndi manja. Pansi pake panali zigamba pamwamba pa zigamba, minga yothyokera, ndi magazi ouma.

"Zinathera inu zimenezo," anatero Mayi Nihali, akudutsa ndi nkhuni. "Kirpa anayenda mudzi ndi mudzi, kufunsa za munthu wopanda mawu. Kuno anafika akulira, osati akuimba."

Rulia anakhala pansi n'kuzula mingayo umodziumodzi. Kenako anapita kwa mkulu wosoka zikopa, yemwe kale sakanamwa naye madzi.

"Bambo, ndiphunzitseni."

Singano inamulasa masiku atatu. Tsiku lachinayi Kirpa anapeza nsapato zake zili bwino.

"Achimwene, mwakhudza chikopa?"

"Usachulutse zokamba, iwe. Dzulo mzere wachitatu wa nyimbo ija unathamanga nawo. Khala apa."

Mawu a Rulia sanabwerere. Koma kuyambira tsikulo ankapemphera pakhomo pomwepo, ndipo oimba achinyamata ankakhala momuzungulira pakati pa nsapato, iye akuwakonza monong'ona. Atakalamba, nyimbo zambiri za m'bwalomo zinali zitadutsa m'makutu mwake.

Inu amene mwataya chimene munkadziwika nacho, ndipo mnzanu akukwera inu mukuona, musanamuponyere nsapato mumtsinje, yambani mwazitembenuza. Musataye mtima. Pakhomo palinso malo.