Manja Kumbuyo

Chaka chimene madzi anakokolola chimanga chathu ku Tembwe ndi chimene ndinaganiza zochoka. Mwamuna wanga anali atatisiya kale, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo, mtsikana dzina lake Tiyezye, anali atangoyamba sukulu. Ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga Esinati. Mumtima ndinalumbira kuti ine ndikavutike kwa eniko, koma iye aphunzire, asadzalidziwe fumbi la kumeneko.

Ndinakathera ku Nakonde, kumalire a dziko, pa kamsewu kochoka pa geti ya boda kukalowa mumsewu waukulu wa tala. N'kakafupi, woyenda pansi amakamaliza tiyi asanazizire. Koma malole a katundu amagonapo masiku, atandanda pamzere kudikira mapepala. Madalaivala akamva njala ankabwera kwa ife. Ine ndinali wa mpunga ndi nyemba, mbaula ziwiri pansi pa lona.

Pa kamsewu kaja aliyense anali wodutsa. Uyu akupita ku Kongo, uyo akubwerera kunyanja ya mchere, amadya, amapukuta pakamwa, basi wapita. Otsala tinali ophikafe. Tinkagona anayi m'kachipinda ka malata, mapoto kumutu. Nditadwala malungo ndinalira ngati mwana, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la mudzi wathu. Ndinasungulumwa kwambiri, ngakhale anthu anali piringupiringu tsiku lonse.

Zimenezo sindinkazitumiza kwathu. Ophikafe tinali ndi chizolowezi chathu. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkabwerekana diresi ndi nsapato zabwino, n'kukaima pambali pa lole yonyezimira kuposa zonse, mnzako n'kukujambula pa foni. Chithunzicho chinkapita pamodzi ndi ndalama ya sukulu. Manja tinkabisa kumbuyo chifukwa cha zipsera za moto. Tinkati tikuwachotsa nkhawa a kumudzi.

"Amama, motoka iyo ni yanu?" anandifunsa Tiyezye pa foni tsiku lina.

"Ni ya anzanga," ndinayankha ndikuseka, iyenso n'kuseka.

Utsi unandilowa m'chifuwa, miyendo inayamba kutupa. Tiyezye atamaliza sekondale ndinati ntchito yanga yatha. Mbaula ndinasiyira mnzanga, ndinakwera galimoto yobwerera kwathu ku Chama mtima uli mbee, poganiza kuti tsopano tikhala pamodzi, tizilima.

Mudzi ndinaupeza uli zii. Nkhalamba ndi tiana ndiwo anatuluka kudzandilonjera, nyumba zina zitseko zili zomanga ndi waya. M'nyumba mwa Esinati zithunzi zanga zinali pakhoma, anakazitsukitsa ku boma. Mayi wa m'zithunzizo anali wosalala, wokhuta, ine ndemwe ndinamusirira. Pansi pake panali chikwama chomangamanga kale.

"Asisi, chola icho ni cha mwana wanu," anatero Esinati motsitsa mawu. "Enze kuyembekeza chabe kuti mubwere, mumuuze kofikira."

Ndinamutengera Tiyezye pansi pa mtengo wa mango, ndinatambasula manja anga pamiyendo pake. Ndinamuuza zonse, za kachipinda kaja, za madalaivala ena amene safuna mpunga wokha, za diresi lofiira limene silinali langa. Anagwira zala zanga n'kumasisita zipserazo chimodzichimodzi, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati mumtima, wamva, sapita.

Atapukuta m'maso anati, "Namva, amama. Manje kuno nizachita chani? Anzanga onse anayenda. Enanso anayenda ataona zithunzi zanu."

Ndinayang'ana minda imene madzi amabwerabe kudzaikokolola, ndi sukulu imene ndinailipira ndi ndalama ya mpunga zaka zonsezo, yophunzitsa ana athu kuti akagwire ntchito kwina. Ndinkayesa kuti kwathu ndi kumene msewu umathera. Pamenepo ndinaona kuti nakonso kwasanduka kodutsa, mwana amangodikirapo kuti akule.

Chimanga chisanache ndinamuperekeza ku boma kokwerera galimoto. Ndinamupatsa poto wanga wamkulu ndi dzina la mnzanga wa mbaula uja. Tsopano ndimalima ndi Esinati, chifuwa chikandilola.

Chithunzi chake choyamba chafika sabata yatha. Waima pambali pa lole yonyezimira, wavala diresi lofiira lomwe lija, akumwetulira. Manja wabisa kumbuyo.