Kuseri kwa Chithunzi cha Dona

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anandipezera ntchito yosesa kunyumba ya mzungu wa ku boma, ku Nkhotakota. Anandisiya m'manja mwa akhukhi ophika panyumbapo, bambo a kwathu ku Chia amene tinkangowatcha amalume. Potsanzika anati, "Akakuchotsa, usadzandipatse moni."

M'chipinda chodyera munapachikidwa chithunzi cha kwawo kwa dona, mkazi wa mzunguyo: kanyumba ka miyala m'mbali mwa mtsinje, chigudumu chitamira theka m'madzi, ng'ombe zonenepa zili pamsipu. Amalume anandiuza kuti chinali chigayo choyendera madzi. Ine wa matuza m'manja chifukwa chosinja mpunga, ndinkachiyang'ana kukamwa kuli yasa, kulakalaka gudumu lotero litaikidwa pamtsinje wa Bua.

Tsiku lina nkhungu zinatuluka m'nyanja, tizilomboto n'kumatirira pagalasi lonse. Ndinatsitsa chithunzicho kuti ndichipukute bwino. Kenako ndinachitembenuza. Mphemvu! Zikuluzikulu, tiana, mazira ali ndandanda, zitosi zakuda, fungo ngati la nsanza yovunda. Pepala zinali zitalidya mpaka kupyapyala. Ina inandiyenda pamkono.

Ndinathamangira kukhitchini. Amalume anasuzumira, n'kuseka.

"Bwezera pakhoma, mwana iwe. Mzungu sayang'ana kuseri. Ukhale chete, ine ndilipo."

Ndinamvera. Nanga si akulu?

Mwezi usanathe, bowo linatulukira pakati penipeni pa gudumu lija. Dona anakuwa, natiitana tonse pakhonde. Amalume anavula chipewa, n'kuyamba chizungu chawo chothyokathyoka. Chizungu sindinkachimva, koma chala chawo ndinachimva: chinaloza ine, kenako kamtolo kanga ka zovala. Dona anatseka mphuno ndi kansalu. Tsiku lomwelo ndinabwerera ku Chia wapansi.

Amayi anatha sabata osandiyankhula. Koma chimene chimandinyansa mpaka lero ndi ichi: amalume atabwera kumudzi, amayi anawagwadira, kuwaphera nkhuku, kuwathokoza kuti anayesetsa ndi mwana wauve. Madzi osamba m'manja ndinawapatsa ndine. Anatafuna mpaka mafupa, mafuta akuyenderera pachibwano.

Lero adzukulu anga amati ndine wovuta. Nsomba pamsika ndimaitembenuza, nsalu ndimaitembenuza, wofunsira mbeta akabwera ndi mano oyera ndimayamba ndafufuza kwawo. Anene zimene anene. Mphemvu zija sindizida kwenikweni, zinkangodya pepala. Amene anadya nkhuku yathu ankanditcha mwana wawo.