Tsiku limene atsibweni anagwetsa dzina langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ku Nchalo, pamene ndinadziwa kuti munthu angathe kukulanda chinthu uku akuseka, apakhomo onse n'kumati palibe chachitika.

Achimwene anga ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo akamapita ankandisiyira foni yawo. M'menemo munali gemu ya mpira yosewera anthu awiri pa intaneti, iwe kuno, mnzako kwina kosadziwika. Aliyense anali ndi dzina lake ndi mapointi ake, ndipo makina a gemuyo ankakupezera mdani woyandikana nawe luso. Ukagonjetsa wokuposa, mapointi ankakwera kwambiri. Ukagonjetsa wochepa, ankangokudonthezera. Koma ukagonja kwa wochepayo, ankakudula mopanda chisoni. Ndinakwera movutikira kwa miyezi, nditakhala pansi pa mtengo wa nimu, thukuta likudonthera pagalasi, mpaka ndinalowa gulu lapamwamba.

Kenako mwini shopu ya magemu pamsika analengeza mpikisano wa Loweruka. Olowa anali a gulu lapamwamba okha, ndipo mphoto inali foni. Foni yangayanga, yosabwereka!

Lachisanu masana anatulukira atsibweni, alongo awo a mayi, kuchokera kwa Chapananga, atagulitsa mbuzi zawo. Kwathu atsibweni sakanizidwa kanthu, poti ndiwo eni mbumba. Atandiona nditawerama pafoni, anatambasula dzanja.

"Iwe Zuze, bwera nacho kuno. Mpira ife tinamenya iwe usanabadwe."

"Atsibweni, dikirani ndikutsegulireni poyeserera."

"Ukuwadikiritsa akulu? Apatse!" anatero mayi, akupeta mapira.

Anasewera pa dzina langa. Makinawo sanadziwe kuti zala zasintha. Iwo ankangoona Zuze akugonja, n'kumadula mapointi. Atsibweni akachinyidwa ankaseka mpaka kutsokomola, akatopa ndi mdani ankatuluka gemu isanathe, osadziwa kuti kutuluka kumawerengedwa ngati kugonja. Makina anayamba kuwapatsa ochepa, nawonso n'kumawakwapula. Ndinaima kumbuyo kwawo, fungo la mbuzi ndi fodya lili m'mphuno, ndikuona dzina langa likutsika gulu. 

"Atsibweni, simudziwa kusewera! Mukundiphera dzina!"

Mbama ya mayi inafika lichero lisanagwe pansi. Anandigwaditsa pafumbi lotentha kuti ndipepese, foni n'kuitsekera m'sutikesi mpaka mlendo atapita Lamlungu. Akanandisiyira madzulo amenewo okha, mwina ndikanakweranso. Atsibweni anangoti, "Mwana kulirira zidole," n'kupempha madzi akumwa.

Loweruka ndinaonerera mpikisano pawindo la shopu. Foni anatenga mnyamata wa kwathu komweko amene ndinkamugonjetsa nthawi zonse tikakumana m'gemumo.

Ndakula, koma ndikakumbukira mtima umatenthabe. Ndimamvetsa tsopano chimene chinandipweteka kuposa mbama. Pakhomo, kusukulu, ngakhale kutchalitchi, munthu ankayesedwa ndi zaka zake. Makina aja okha ndiwo sankafunsa kuti wabadwa liti kapena ndiwe mwana wa yani. Ankangoona zimene ndachita, n'kundipatsa zondiyenera. Chimenecho chinali chuma chokha chimene ndinadzipezera ndekha, ndipo akulu anachiseweretsa chifukwa sichinkaoneka ngati mbuzi kapena thumba la mapira. Ulemu umene sufunsa kuti chinthuchi mwana wachivutikira bwanji ndimaukana, ngakhale lero ndili ndi ndevu.

Mayi amanenabe kuti wolakwa ndinali ine. Ndinapepesa tsiku lija chifukwa maondo ankapsa, koma kuvomera sindinavomere.